Chidebe cha Mukula pa Basi ya ku Lusaka

Chibemba ndinachiphunzila m'kabuku ka nyimbo kamene mphunzitsi wina anaiwala kwathu, ndipo kufikila tsiku limenelo ndinali ndisanachiyesepo pa munthu wamoyo. M'mawa uja pa siteshoni ya Petauke, kondakitala wa basi ya ku Lusaka, mwamuna wamfupi wolankhula ndi lilime la kumpoto, analoza chidebe chimene ndinachikumbatila n'kufunsa kuti munali chiyani. Ndikanayankha m'chinyanja ngati munthu aliyense wanzelu. Koma ine, Mwanza wowelenga mabuku, ndinafuna aone kuti kumudzi kulinso anthu odziwa zinthu. Ndinakweza mawu kuti akumbuyo omwe amve.

"Umuti."

Ndinkatanthauza mtengo. Koma mtengo, monga anandiuza pambuyo pake, amati icimuti. Umuti ndi mankhwala, ndipo munthu wa imvi akaukumbatila m'chidebe chovindikila ndi nsalu yakuda, palibe amaganiza za mankhwala a kuchipatala.

M'chidebemo munali mbande zitatu za mukula, iliyonse m'paketi yake ya shuga, zazitali ngati chikhatho changa. Mayi wa mbandezi unali mtengo umene unali paphili kuseli kwa minda yathu, cha ku Sasare. Atate ankapachikamo ming'oma ya njuchi ine ndili wamng'ono. Mikula ina yonse ya paphililo inapita kale pa malole, uwu unatsala chifukwa cha miyala yoipa imene inauzungulila. Mu Juni anabwela anthu a macheka a injini amene miyala sinawaopse. Atachoka ndinatola njele zake m'thumba la feteleza, ndinafesa kuseli kwa bafa, ndipo mwa zonsezo zinamela zitatu.

Kubzala kwathu sindinafune. Mbuzi, lupsa la chilimwe, ndiponso macheka omwewo pakapita zaka. Koma m'nyuzipepala imene anandikulungila nayo misomali kusitolo ndinawelenga za munda wina pafupi ndi Lusaka. Si dimba la ndiwo, si munda wa maluwa wojambulilako maukwati. Ndi malo amene mitengo imasungidwa monga mmene amasungila mabuku, uliwonse ndi dzina lake ndi kumene unachokela, mkati mwa mpanda. Ndinawalembela masamba anayi. Anandiyankha mizele iwili: bweletsani pakati pa sabata, m'mawa. Ulendo wonse unali wa chinthu chimodzi, kuti mwa zitatuzo ngakhale imodzi ikalowe mumpandamo ili yamoyo.

Kondakitala anabwelela m'mbuyo phazi limodzi.

"Ndi timitengo chabe, mwana wanga," ndinatelo, tsopano m'chinyanja chabwinobwino.

"Mwanena kale, mudala. Tamva tonse." Anang'amba matikiti awili. "Chidebe chilipila ngati munthu. Ndani adzafuna kukhala nacho pafupi?"

Ndinalipila. Ndinachikhazika pampando wa kuzenela, ine kukhala chakunjila, ngati ndikupelekeza mkwatibwi.

Basi ya sikisi koloko inanyamuka eyiti itadutsa. Tinazungulila msika kawili kufuna anthu, tinaima pothila mafuta, tinaimanso kudikila munthu amene anapita kukatenga nkhuku zake. Nthawi yonseyi nkhani yanga inkayenda kuchoka mpando wina kupita wina, ndipo pofika kumbuyo inali itakula. Kumbuyo kwanga kwenikweni kunali amai Zulu, ochita malonda a matimati, amene mabokosi awo anadzaza theka la malo a katundu kunsi kwa basi. Dzina lawo ndinalidziwa chifukwa aliyense pa siteshoni ankawatchula. Tsidya lina la njila kunali mphunzitsi wachikulile wa tayi, akuwelenga kanthu pafoni.

Titadutsa Minga ndinavundukula nsalu pang'ono kuti mbande zipume. Ndili ndi chizolowezi choipa, ndikamawelenga chilichonse milomo imayenda. Ndinkawelenga masamba.

"Wayamba kulankhula nacho," anatelo amai Zulu, osati kwa ine, koma kwa basi yonse.

Tisanafike pa Nyimba fungo la labala wopselela linalowa m'basi. Dalaivala anachepetsa liwilo, ndipo tinakwawa mpaka pamene pamakhala ogulitsa nthochi. Apo injini inatsokomola kawili n'kukhala chete. Lamba wa injini anali ataduka.

Amene sanadikilepo pa Nyimba mu Novembala mvula isanagwe sadziwa kutalika kwa ola limodzi. Mthunzi unali wa basi yokhayo, ndipo unkachepa dzuwa likamakwela. Anthu anadya nthochi mpaka kuzida. Makaniko wa pamalopo anabwela, anasuzumila, anati lamba wotele kulibe, aitanitse ku Petauke. Anaitanitsa. Lambayo anabwela pa minibasi patatha maola awili, ndipo anali wamfupi. Anaitanitsanso wina.

Ine ndinakhala pamwala chapatali ndi chidebe changa. Ndinagula mabotolo awili a madzi, ndinamwako pang'ono, otsalawo ndinkathilila mbande ndi chivindikilo cha botolo. Nditakweza maso ndinapeza anthu ngati khumi aima mondizungulila, amai Zulu patsogolo.

"Basi iyi ndayenda nayo zaka ndi zaka," anatelo. "Sinafepo panjila. Lelo mwakwela imwe, yafa. Lamba wabwela, wafupika. Lamba amafupika yekha?"

"Anatumiza wa galimoto ina, amai."

"Ndiye mukudziwa bwanji, poti mwakhala kuno?"

Ndinangoganiza chabe, ndipo kuganiza molondola tsiku limenelo kunali mlandu.

"Vundukulani tione."

Ndinachotsa nsalu yonse. Mbande zitatu zinaima m'mapaketi awo, masamba atagwa pang'ono chifukwa cha kutentha. Ndinayamba kufotokoza za munda uja, za mpanda, za mayina olembedwa. Ndinatchulanso dzina la Chilatini la mukula, limene ndinaliloweza kwa milungu itatu, ndipo ndikukhulupilila kuti ndinalitchula molakwa. Kwa omvela linamveka ngati mawu amene munthu amanena akamathila ufa pamphambano.

"Pamwamba ndi masamba," anatelo amai Zulu. "Nanga pansi?"

Ndisanatambasule dzanja anali atagwila imodzi pakhosi n'kukoka. Paketi inang'ambika, dothi linamwazika pamapazi awo, ndipo muzu waukulu unaduka ndi kaphokoso kakang'ono ngati ulusi. Anafukula dothilo ndi chala cha kuphazi. Munalibe nyanga, munalibe tsitsi, munalibe kalikonse. Anataya mbandeyo pansi.

Ndawelenga mawu ambili pa moyo wanga, ena aukali ndithu. Amene anatuluka ndi awa okha: "Amai, inali ndi miyezi inayi."

"Matimati anga ali ndi tsiku limodzi," anayankha. "Mailo adzakhala madzi. Mudzawadyetsa ndimwe ana anga?"

Anthu atabalalika, mphunzitsi wa tayi uja anabwela kudzaima pafupi, nkhope ataloza kwina ngati akuyang'ana galimoto zodutsa. Anali wa kumpoto nayenso. Ndiye amene anandiuza za icimuti.

"Ine ndinamva pomwepo chimene munkafuna kunena, bambo."

"Ndiye auzeni."

"Nditsika pa Kacholola. Ndimaphunzitsa kumeneko, ndipo ndine mlendo. Ena mwa awa ndi makolo a ana anga." Anapukuta thukuta ndi tayi. "Mukadangoti ndi ndiwo."

Lamba wachiwili atafika, kondakitala anabwela ndi chigamulo. Anthu akana kukwela ndi chidebe. Chilowe kunsi ndi katundu, apo ayi nditsale nacho pa Nyimba. Ndinamukumbutsa kuti chili ndi tikiti. Anati tikiti ndi ya mpando, ndipo mpandowo palibe akundilanda. Ndinayang'ana msewu. Basi ina sikanandifikitsa m'nthawi yake, ndipo tsiku lina padzuwa lija mbande sizikanapilila. Ndinanyowetsa nsalu, ndinavindikila, ndinachilowetsa ndekha pakona pakati pa matumba a mtedza ndi mabokosi a matimati.

Kondakitala anatseka chitseko cha katundu. Dalaivala anapotokola kiyi. Injini inalila nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati yatsopano.

Pa zonse zimene zinandichitikila tsiku limenelo, ichi ndiye sindinachikhululukilebe. Ikanati ikaneko ngakhale kamodzi.

Palibe anaseka. Anthu anakwela mwakachetechete, aliyense akundilambalala. Tinadutsa mapili a Kacholola, mphunzitsi anatsika osanditsanzika, ndipo msewu unayamba kutsetseleka mokhotakhota kulowa m'chigwa. Pa kukhota kulikonse ndinkamva katundu akugubuduka kunsi kwa mapazi anga. Mphepo yolowa pazenela inali ngati ya m'ng'anjo ya njelwa. Pampando wa chidebe umene ndinalipila panalibe anakhalapo, ngakhale ena anali atakhala pa zigubu m'njila.

Pa mlatho wa Luangwa tinaima pa chotchinga cha pamsewu, ndipo anatiuza kuti titsike. Ndinathamangila kunsi. Bokosi limodzi la matimati linali litagwela pachidebe. Mbande ya kumbali kwa injini inali itathyoka pakati, masamba ake ofota ngati fodya. Inayo inali itapindika, koma nditaigwila inabwelela.

Amai Zulu anali pambali panga akutsegula bokosi lawo. Anatola timati limodzi, chala chinalowa chokha. Anatola lina, chimodzimodzi. Anakhala pansi pafumbi, mayi wamkulu chonchija, manja ali ofiila. Ndinafuna kunena kanthu, chifukwa kutaya kwawo kunali koona ngati kwanga, ndipo kwawo kunali kwa chakudya. Anandiona ndikuwayang'ana.

"Mwakondwa?"

Kenako anaimilila n'kuitana msilikali wa pachotchinga. "Bwana, uyu wanyamula mukula. Wanena yekha pa Nyimba."

Liwu limenelo pamsewu uja si lamasewela, chifukwa onyamula mitengo ya mukula popanda chilolezo amamangidwa. Msilikaliyo anabwela msanga, dzanja lili palamba wa mfuti, akufunsa kuti mitengoyo ili kuti, ndi ingati, chilolezo chili kuti. Ndinamupatsa kalata ya mizele iwili ija, kenako ndinamuonetsa m'chidebe. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mukula wake ndi uwu?"

"Ndi umenewu, bwana."

"Matabwa mucheka liti?"

Anabweza kalata. Atamva kuti chidebe chili ndi tikiti koma chikuyenda kunsi, anauza kondakitala kuti wolipila aliyense akhale pampando wake, iye safuna milandu pachotchinga chake. Sanachite izi chifukwa chondikonda, anthu ogulitsa nsomba zouma anali atayamba kusonkhana ndipo ankafuna tichoke. Komabe chidebe chinabwelela kuzenela. Kuchokela pamenepo mpaka Rufunsa, mpaka Chongwe, palibe anandilankhula. Titatsika mu Lusaka dzuwa likulowa, amai Zulu analavula pansi pamene ndinaponda. Ndinakagona kwa mwana wa mlongo wanga, amene anaika chidebe m'bafa n'kundifunsa ngati kumudzi mitengo yatha.

M'mawa ndinakwela minibasi ziwili n'kufika pachipata cha munda uja nthawi yabwino. Mlonda anayang'ana chidebe, anayang'ana nsapato zanga.

"Zomela za kunja sizilowela pano. Zungulilani kuseli, kolowela manyowa."

Ndinazungulila, ulendo wa mphindi makumi awili m'mbali mwa waya. Zambili za mundawo ndinaziona choncho, kudzela m'waya, ngati mbuzi. Tinjila take n'tokhota dala, kuti munthu asaone kumene akupita mpaka atafika. Pali dziwe lokumba ndi manja, ndi miyala ikuluikulu imene anachita kubweletsa pa malole n'kuiyala ngati inabadwila pomwepo. Ndinaona udzu umene ndimalimbana nawo m'munda mwanga chaka ndi chaka, uli ndi kachikwangwani kake, ukuthililidwa ndi paipi. Ndinaima pang'ono kuupatsa ulemu.

Kuseli anandilandila mayi wina wachichepele wa jasi loyela ndi magolovesi, amene amayang'anila zomela zatsopano. Sanandipatse mpando. Anavundukula chidebe n'kupuma mwamphamvu.

"Munalemba kuti zitatu."

"Zinali zitatu, amai."

"N'chifukwa chake timafuna njele. Njele timaziumitsa, timaziika m'chipinda chozizila, zimakhala zaka. Mbande pa basi ndi kuzizunza chabe. Njele zina zatsala?"

"Ndinafesa zonse."

Anandiyang'ana monga namwino amayang'anila munthu amene wamwa mapilitsi a mwezi wonse tsiku limodzi. M'kalata yawo sanatchule za njele, koma sindinamukumbutse. Anatenga pepala n'kufunsa malo enieni amene mtengo unali. Ndinati paphili kuseli kwa munda wa a Sakala, kupitilila zulu ziwili za chiswe zoyandikana. Anati akufuna manambala a pafoni osonyeza malo. Foni yanga imadziwa kuimba ndi kuunika basi. Ndinapempha pensulo n'kujambula phili, mtsinje, zulu ziwili, ndi mtanda pamene panali mtengo. Analandila chojambulacho ndi zala ziwili.

Kenako anang'amba paketi, anaika mbande pansi pa mpopi, n'kuyamba kutsuka mizu. Dothi lonse ankaligwetsela m'chigubu chachitsulo.

"Dothilo ndi la paphili pomwepo," ndinatelo. "Ndinachita kukalitenga. Mtengowo umalidziwa."

"Likatenthedwa. Simudziwa chimene mwanyamulamo, bambo. Tizilombo, matenda. Mwina muli kaufiti."

Ankanena kaudzu ka maluwa ofiila kamene kamayamwa chimanga, ndikudziwa. Koma nditayenda tsiku lathunthu ndi dzina la mfiti, kumva kuti ngakhale asayansi akukayikila chidebe changa, ndinaseka mpaka kutsokomola. Mayiyo sanafunse chimene ndinkaseka.

Anaibzala m'dothi lawo lakuda m'kamphika ka pulasitiki, n'kumangilila kachitsulo ka nambala. Anati ikhala miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba ya ukonde, yokhayokha, ndipo alendo salowamo.

"Ikhala moyo?"

"Sindilonjeza. Muzu wapsa mbali imodzi."

Apa mkwiyo unandigwila, umene sunabwele pa Nyimba. Mtengo umene unaima paphili zaka zonsezo osapempha chilolezo kwa munthu, mwana wake tsopano ndi nambala, wosambitsidwa ngati wakhate, wotsekeledwa m'ukonde. Ndinatsala pang'ono kunena kuti andibwezele. Ndinagwila ndithu chidebe.

Iye, osakweza maso papepala, anafunsa kuti mtengowo unkachita maluwa mwezi uti. Ndinamuuza. Anafunsa ngati njuchi zinkaukonda. Ndinamuuza za ming'oma ya atate, za mtundu wa uchi wake, za utomoni wofiila umene amai anga ankadaya nawo ulusi. Analemba, anatembenuza pepala, analembanso. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso.

"Izi tilibe," anatelo. "Dzina lanu lonse ndani?"

Ndisanachoke anandilola kulowa mkati pang'ono. Anandionetsa malo otsetseleka amene akukonza kuti akhale a mitengo ya m'chigwa cha Luangwa. Panali zikhomo ndi zingwe zokha, ndi mulu wa miyala. Analoza chikhomo chimodzi chakumtunda n'kunena kuti ikapulumuka idzakhala apo, kuti masamba ake akamayoyoka azionekela kudziwe. Chapafupi panali mlombwa waukulu, anthu akudutsa pansi pake. Ndinawayang'anitsitsa anthuwo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankauyeza ndi maso kuti mutuluka matabwa angati. Chidebe ndinachinyamula chopanda kanthu.

Ulendo wobwelela ulibe nkhani. Basi inanyamuka mochedwa, inafika mochedwa, ndipo mayi wina anatsamilitsa mapazi pachidebe changa kuyambila Chongwe mpaka Petauke.

Tsiku lotsatila ndili pakhonde kusoka nsapato, anadutsa a Daka, amene munda wawo unachita malile ndi wanga. A Daka sawelenga kanthu kupatula nkhope za anthu ndi mitambo. Nkhani ya pa Nyimba inali itandiyambila kufika kumudzi, ndiye anaima kuti aimve kwa mwini wake. Ndinawafotokozela zonse, mpaka nambala ndi nyumba ya ukonde. Anamvetsela atatsamila khasu.

"Ndiye mwa zitatu yafika imodzi."

"Imodzi, ndipo sanalonjeze."

"Kuchitsa kuja munapitako liti?"

Ndinavomela kuti chiugwetsele mtengo ndinapitako kawili kokha, kukatola njele ndi kukatenga dothi, zonse mu Juni. Mtima sunkandilola kuchionanso.

A Daka anasuntha khasu kuika paphewa lina.

"Ine ndinaliko mailo, kufuna mbuzi zanga. Chitsa chanu chaphuka, a Mwanza. Mphukila zisanu, zofika m'bondo. Zitatu mbuzi zadya kale. Ziwili zotsalazo ngati muzifuna, dulani minga yanu mukatchinge lelo lomwe, chifukwa mbuzi zanga siziwelenga zikwangwani."